Kagalu kaulere pakhomo posowa ufa

Mwana akabwera kuchokera kusukulu atafungatira kagalu komwe mnzake wampatsa, amayi ake amayamba asuzumira m'thumba la ufa asanayankhe. "Tizikadyetsa chiyani, ife tomwe tikugonera phala?" Bambo nawo amakumbukira mbuzi zomwe zinabedwa m'khola chaka chatha, n'kunena kuti kasiyeni kakule, kadzatilondera.

Onse awiri ali ndi mfundo. Ku Ntcheu, kaya ndi kwa Ganya, kwa Njolomole kapena kwa Mpando, galu saweteredwa kukongoletsa pakhomo. Ndi wantchito. Amauwa mbava zikamazemberera khola, amapirikitsa anyani m'minda ya m'mphepete mwa mapiri, amaperekeza alenje ku uzimba.  Banja losauka ndi lomwe limafuna mlonda wotere koposa, poti silingathe kumanga mpanda wa njerwa kapena kulemba munthu woti azilondera.

Koma zaka zapitazi zakhala zowawa. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Galu wakumudzi amadalira mkute ndi madeya. Chaka chomwe anthu akupera madeyawo kuti aphikire ana, galuyo satsala ndi kanthu. Ndiye amanyamuka. Amakafika kudzala la oyandikana nawo, kumsika, pa chiwaya cha nyama, kumene amakalimbirana mafupa ndi agalu ena omwe mwini wake sakuwadziwa. Kulumana kumeneko ndi kumene kumabweretsa chiwewe pakhomo.

Chiwewe chimayamba ndi kachirombo kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala sikayenda m'magazi ngati tizirombo ta malungo. Kamakwawa pang'onopang'ono motsata mitsempha mpaka kufika mu ubongo. N'chifukwa chake munthu wolumidwa amatha miyezi iwiri kapena itatu ali bwinobwino, bala litapola kalekale, nkhani ya galuyo itaiwalika. Nthawi zina zimangotenga sabata imodzi, nthawi zina chaka. Bala la kumaso kapena pakhosi ndi loopsa kwambiri poti ulendo wopita ku ubongo ndi waufupi, ndipo amene amalumidwa malo amenewa kawirikawiri ndi ana, chifukwa nkhope zawo zimakhala pafupi ndi kamwa la galu. Zizindikiro zikangoyamba, monga kubwebweta, kuopa mphepo ndi kukanika kumeza madzi pamene ludzu lili tho, palibenso dokotala amene angamubweze wodwalayo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kwathu kuno imfa zina sizilembedwa n'komwe kuti ndi chiwewe. Mu 2007, Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre: mwa ana 133 omwe anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 chinawapha ndi chiwewe. Mwa ana 26 omwe poyamba ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Ngati zinabisika chonchi pa chipatala chachikulu, nanga kumudzi, kumene mwana wobwebweta amayamba watengeredwa kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa?

Chinanso chimene chimapusitsa anthu n'chakuti si galu aliyense wachiwewe amene amalusa. Wina amangofooka, n'kubisala pangodya, kamwa lili yasa, dovu likuchucha ngati watsamwa ndi fupa. Mwini wake, mwa chifundo, amapisa dzanja m'kamwamo kuti achotse fupa lomwe kulibe. Dzanja la mlimi silisowa timabala, ndipo malovu aja amapeza polowera.

Wolumidwa, ngakhale wongokandidwa, chinthu choyamba ndi sopo ndi madzi. Tsukani balalo kwa mphindi 15 osalekeza. Zimaoneka zazing'ono koma zimachotsa tizirombo tambiri tisanagwire mtsempha. Osathirapo tsabola, phulusa kapena ubweya wa galuyo. Kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti mukayambe majekeseni, omwe amabayidwa pa masiku osiyanasiyana ndipo ayenera kutsirizidwa onse. Galu woluma, ngati n'kotheka, amangiriridwe ndipo a vetenale adziwitsidwe. Akatha masiku khumi ali wamoyo ndi wathanzi, ndiye kuti m'malovu ake munalibe kachiromboka pa tsiku lomwe analuma. Koma masiku khumiwo si oti wolumidwa akhale pakhomo kudikira.

Apa m'pamene banja losauka limalipira mtengo weniweni wa kagalu kaulere kaja. Katemera wa anthu sapezeka nthawi zonse pa chipatala chilichonse chaching'ono. Wochokera ku Kasinje kapena ku Tsangano angafunike kukwera kabaza ndi minibasi kupita pa boma, osati kamodzi ayi. Masiku amenewo ganyu waima, kudimba kulibe wothirira. Akakhala kuti wolumidwayo ndi mwana wa oyandikana nawo, pali mlandu wa kwa amfumu pamwamba pake.

Zonsezi zimapeweka ndi jekeseni imodzi pa chaka yobaya galu. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa, kachiromboka kamasowa kolumphira ndipo matendawa amazilala. Zinachitikapo kwathu konkuno. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa kwambiri. Pa makampeni otere katemera ndi waulere. Chofunika ndi chingwe, miyendo ndi m'mawa umodzi. Kapepala kamene a vetenale amapereka kasungeni pamodzi ndi mabuku a kusikelo, chifukwa tsiku lomwe galu wanu adzalume munthu, ndi kamene kadzakuyankhulireni.

Ntcheu ali ndi vuto lakelake. Pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Anthu amawoloka ndi matumba a kachewere ndi kabichi, agalu nawo amawoloka mmene afunira. Mudzi wa m'malire sungadalire kuti agalu a kutsidya anabayidwa, choncho kuphonya chaka chimodzi kumeneko n'koopsa kuposa kwina.

Ndiye kagalu kaja katengedwe kapena kabwezedwe? Ine sindingauze banja kuti umphawi ukuliletsa kuweta. Ndaonapo makomo osowa kumene galu mmodzi amadya zomwe eni ake adya, amagona pakhonde, ndipo chaka chilichonse mwana wa pakhomopo amamukokera kokabayitsa. Chimene ndimakana ndi agalu anayi pa mbale imodzi ya mkute. Galu wamkazi amatha kuswa kawiri pa chaka, ndipo tiana tomwe tasowa wotitenga ndi timene timadzakhala agalu opanda mwini a kumsika. Banja lomwe likudya kamodzi pa tsiku, kapena lomwe palibe amene angalonjeze kupita naye kwa a vetenale, lidikire kaye mpaka litakolola.

Amene asankha kukasunga, apite kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lawo, kaya ndi ku Nsipe, ku Kandeu, ku Bilira kapena ku Manjawira, akafunse tsiku la katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa. Mwana amene wabweretsa kagaluko apite nawo, ndipo auzidwe kuti kakadzamuluma kapena kumukanda, ngakhale posewera, anene tsiku lomwelo, sadzakalipiridwa.