Za Chingwe Chochokera ku Mlongoti wa Kanema

Mwezi wathawu, poyendera mabanja a kufupi ndi Migowi, tinafika pa nyumba yina pamene mwini wache anali atamanga kale matumba awiri a nandolo, kuti akagulitse napezepo ndalama za kanema watsopano. Anatiuza kuti: "Wakaleyu wakalamba, chiyambire mvula zithunzi zingoduka-duka, ndipo dzulo zazimiratu." Ife tinampempha kuti ayambe watsitsa mlongoti wache, umene unali pa nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Titamasula chingwe pamene chilumikizana ndi mlongotiwo, munaturuka madzi, ndipo mkuwa wa m'kati unali utabiriwira ngati ndere.

Pamene Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, zithunzi zinkafika ngakhale zofooka, ndipo munthu ankatha kuzipenya m'kati mwa chipale-pale choyera. Koma maulutsidwe a lero, amene tilandira ndi dikoda monga ya Kiliye Kiliye, sadziwa za theka iai: mphamvu ikachepa pang'ono, chithunzi chiuma, chisweka m'timabokosi, kenaka chichoka. Ife a ku Phalombe mphamvuyo itifika itatopa kale, makamaka m'midzi imene yabisika kuseri kwa Michesi ndi phiri la Mulanje. Chifukwa chache sitingathe kutayanso yina m'chingwe choipa.

Chingwe chimenechi, chochedwa coaxial, chiri chosiyana ndi nthambo ya magetsi. Anachilingalira Mngelezi Oliver Heaviside m'chaka cha 1880. Mukachisenda mudzapeza zinthu zinai: pakati waya mmodzi wolimba; pomkuta pulasitiki yoyera; pamwamba pache timawaya tating'ono tolukana ngati nkhokwe, kawiri-kawiri pamodzi ndi chipepala chonyezimira; ndipo kunja khungu lakuda kapena loyera. Waya wa pakati ndiye atenga zithunzi ndi mau, ndipo timawaya tolukato ndi mpanda womchinjiriza. Cha kanema chiyenera kukhala cha ma ohm 75, ndipo chabwino m'masitolo ndi cholembedwa RG-6. Taona ena atalumikiza mlongoti ndi nthambo ya sipika, ena ndi waya wa mpanda. Amenewo asadandaule za kanema wao.

Tsono nchito yeni-yeni iri pa mapeto a chingwe, ndipo pamenepa mpofunika mpeni wakuthwa ndi mtima wosafulumira. Dulani khungu lakunja lokha, utali wa sentimita imodzi ndi theka, osalasa timawaya tolukato. Mutipindire m'mbuyo tonse. Pamenepo chotsani pulasitiki yoyera mwa sentimita imodzi, kuti waya wa pakati aonekere. Kenaka pokerani kachitsulo kolumikizira mpaka pulasitiki yoyerayo ifike pa khomo la m'kati. Tizitsuloti tiri ta mitundu iwiri: ka mazinga, kochedwa F, kamene kagwira pa madishi ndi madikoda ambiri; ndi kongokankha, kamene kalowa kumbuyo kwa kanema. Musanapoke, penyetsetsani pa dzuwa. Kawaya kamodzi kokha ka mpandawo, kochepa ngati tsitsi, kakakhudza waya wa pakati, zithunzi zonse zitha, ndipo munthu angathe kukwera nsungwi kasanu osadziwa chimene chalakwa. Tinena ichi ndi manyazi, pakuti chinatichitikira ifenso.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Chingwe chikalowa mvula kumtunda, madzi atsika pang'ono-pang'ono m'kati mwache monga m'phesi, nadyetsa mkuwa dzimbiri. Kulungani tsono mfundo ya kunja ndi tepi, kapena ndi mphira wa chubu cha njinga womanga zolimba. Pamene chingwe chilowa m'nyumba, chiyambe chatsika kunsi kwa bowo ndi kukweranso, kuti madontho agwere pa nthaka. Musachipinde ngati chigongono, musachipane ndi chitseko kapena ndi malata akuthwa, ndiponso musalumikize zidutswa mwa kungopota mawaya: chingwe chimodzi chathunthu, chachifupi monga kungatheke, chiposa zidutswa zitatu.

Za kumene mlongoti uyenera kupenya sitichulukitsa mau: onani kumene yapenya ya anansi anu, ndipo mmodzi atembenuze nsungwi pang'ono-pang'ono, wina ali m'nyumba kuwerenga mphamvu pa dikoda.

Koma pali chinthu chimene tipempha amai ndi abambo achigwiritse. Nsungwi kapena mtengo wa bulugamu uimikidwe kutali ndi nthambo za ESCOM, kotero kuti ngakhale mphepo iugwetse, usazikhudze. Ndipo mwana asatumidwe kukautembenuza mitambo itada. Mlongoti ndi chinthu chachitali pa mudzi, ndipo mphezi ikaumenya itsata chingwe kufikira m'chipinda chokhalamo ana. Mukamva kugunda kutali, zulani chingwe kumbuyo kwa dikoda nthawi yomweyo. Mabingu akafika pamutu, musachigwirenso.

Bambo wa ku Migowi uja tinamdulira mikono iwiri ya chingwe chovundacho, ndipo mnyamata wache anapalasa njinga kukagula kachitsulo katsopano pa msika. Dzuwa lisanalowe zithunzi zinabwera, ndipo matumba a nandolo anabwezedwa m'nyumba.