Sikelo yoyamba, kalata ya amfumu ndi mwamuna amene ali ku Joni

Mayi woyembekezera akabwezedwa ku sikelo chifukwa wabwera wopanda mwamuna, anthu a ku Biriwiri ndi midzi ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu amangoti ndi lamulo la boma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma palibe lamulo la Nyumba ya Malamulo limene limati mayi asapimidwe mpaka bambo aonekere. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo, makamaka kuti akayezetse magazi limodzi. Kubweza mayi ndi chizolowezi chimene chinamera m'zipatala zina ndi m'malamulo a m'midzi amene mafumu amakhazikitsa.

Ndondomeko yake papepala ndi yosavuta. Mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, atenge buku la kuchipatala, ayezedwe HIV, chindoko ndi kuthamanga kwa magazi, alandire katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi ndi neti, kenako fansida nthawi yake ikakwana. Vuto likakula amamutumiza ku chipatala chachikulu cha Ntcheu. Zonsezi m'zipatala za boma n'zaulere. Pamene zinthu zimaima ndi pakhomo penipeni. Amene alibe mwamuna pafupi amauzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu yofotokoza chifukwa chake. Taganizani: mwamuna ali ku Joni, kapena anawoloka malire kukagwira ganyu ku Angonia, kapena anakana mimba. Mayiyo tsopano akaime pamaso pa amfumu, aulule za m'nyumba mwake, ndipo kwa amfumu sapita chimanjamanja. Onjezani ya kabaza ulendo wachiwiri. Ambiri sabwereranso msanga. Amadikira mimba ionekere, miyezi imene mankhwala oteteza mwana ku HIV akanayamba kugwira ntchito itadutsa kale.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti chipatala chimafuna munthu amene mwambo wa kuno sumuika patsogolo pa nkhani za mimba. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu ukwati ndi wa chikamwini. Za mimba amayendetsa ndi amayi ake a mkaziyo, agogo ndi anankungwi, ndipo pa nkhani zolemera mawu amakhala ndi mwinimbumba. Mimba yaing'ono salengeza, yoyamba amadikira kuti mtsikanayo alangizidwe kaye. Munthu angatsutsane ndi miyambo imeneyi, koma chipatala chochita ngati kulibe chimangotaya anthu amene akanachithandiza. Mayi akabwera ndi mayi ake kapena mlamu wake, bwanji osamupima, n'kumupatsa uthenga woitanira mwamuna tsiku lina?

Ena adzati kukhwimitsa kunapulumutsa miyoyo, ndipo sakunama. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010. Mafumu, kuphatikizapo Inkosi Kwataine ya konkuno ku Ntcheu imene inatchuka pa uchembere wabwino, anaika zindapusa kwa ochirira pakhomo. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira ku chipatala, ndipo imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Zimenezi si zochepa. Komabe mantha amafikitsa munthu pakhomo la chipatala basi, samutsegula pakamwa. Mayi amene wamwa mwanamphepo kuti matenda afulumire, akadziwa kuti akaulula amukalipira pamaso pa anzake, amakhala chete. Namwino ndiye amagwira ntchito mumdima, pamene mankhwalawo atha kulimbitsa matenda mpaka chiberekero kung'ambika. Kufunsa modekha kuti "Mayi, mwamwapo chiyani kunyumba?" si kuvomereza mankhwala achikuda; ndi njira yokhayo yodziwira zimene zili m'thupi la wodwala.

Enanso adzati anamwino ndi ochepa, alibe nthawi yonyengerera. N'zoona kuti namwino mmodzi amatha kuona sikelo masana n'kubereketsa usiku womwewo. Koma kubweza mayi sikuchepetsa ntchito, kumangoisunthira ku tsiku limene adzabwere ali pangozi. Ku New Zealand, namwino wa mtundu wa Maori, Irihapeti Ramsden, anamenyera mfundo imene inalowa m'maphunziro a anamwino kumeneko mu 1992: woweruza ngati chithandizo chalemekeza munthu ndi chikhalidwe chake ndi wodwalayo, osati wopereka chithandizo. Kwathu kuno mfundo imeneyi imasowa pokhala, chifukwa wodwala amaopa kuti akadandaula lero, mawa pobereka adzakumana ndi nkhope yomweyo.

Njira yodandaulira ilipo, ngakhale salengeza kwambiri. Wobwezedwa ayambe wapempha kuonana ndi mkulu wa pachipatalapo, n'kufunsa kuti chifukwa chomubwezera achilembe m'buku lake. Pempho limeneli lokha limasintha mayankhulidwe a anthu ambiri. Zikakanika pali komiti ya chipatala, imene mamembala ake ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amawadziwa mayina. Pamwamba pake pali ombudsman wa chipatala ndi ofesi ya zaumoyo ku boma la Ntcheu, ndipo za khalidwe la namwino zimapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Bokosi la madandaulo lopachikidwa pakhoma musalidalire kwambiri: limafuna wodziwa kulemba, ndipo kawirikawiri kiyi wake amasunga ogwira ntchito pomwepo. Dandaulo limayenda bwino likanyamulidwa ndi anthu angapo, monga gulu la amayi a mpingo kapena a banki m'khonde, tsiku ndi ola la kubwezedwako zitalembedwa, ndipo likaperekedwa pa msonkhano wa komiti pamene amfumu omwe ali pomwepo.