Advice ndi advise: chilembo chimodzi, ntchito ziwiri

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo zimandiwawa ndikamachonga makope a ana a Fomu 4 n'kuona mwana wodziwa bwinobwino chomwe akufuna kunena akutaya malikisi chifukwa cha chilembo chimodzi. Ngakhale m'makalata a m'maofesi mumapezeka "please advice", pomwe zoyenera ndi "please advise".

Tanthauzo la mawu awiriwa ndi loyandikana, ndipo onse adalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa. Chowasiyanitsa ndi mtundu wa mawu. "Advice" ndi dzina, malangizo amene munthu walandira. "Advise" ndi mneni, kulangiza kumene. M'Chichewa sitisokonezeka chifukwa "ma-" ndi "-o" zimatiuziratu kuti malangizo ndi dzina. Chingerezi chimangosintha c kukhala s basi.

Ana anga ndimawauza kuti asaloweze, ayese mawuwo m'chiganizo. Ngati patsogolo pake pakukwana "my" kapena "some", ndi dzina, lembani c. Ngati pakukwana "to" kapena "will", kapena mawuwo akusintha ndi nthawi n'kukhala "advised", ndi mneni, lembani s. Khutu nalo limathandiza, paja ife kusula khasu ndi kuzula chinangwa sitisokoneza. "Advice" amathera ndi liwu la s ya kusula, pomwe "advise", ngakhale amalembedwa ndi s, amamveka z ya kuzula.

Msampha weniweni uli pa kuchulukitsa. Popeza ife timati langizo limodzi, malangizo ambiri, mwana amalemba "advices" kapena "an advice" mtima uli m'malo. Ine sindimuona ngati mbuli, waganiza bwino ndithu, kungoti m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku dzinali lili m'gulu la zinthu zosawerengeka, limodzi ndi "information" ndi "furniture". Eni chiyankhulochi akafuna kutchula langizo limodzi amati "a piece of advice".

Mukagwira zimenezi, "practice" ndi "practise" sakuvutaninso, ngakhalenso "licence" ndi "license", amene m'kamwa amamveka chimodzimodzi. M'kalembedwe ka ku Britain, komwe sukulu za m'Malawi zimatsata, c ndi wa dzina, s ndi wa mneni. Anthu a ku America amalemba "practice" ndi "license" pa ntchito zonse ziwiri. Choncho kompyuta ikakudulirani mzere wofiira pansi pa "practise", musafulumire kufufuta. Yambani mwaona ngati idatcheredwa pa Chingerezi cha ku America.