Ukwati wa ku Chilwa umayamba wafunsa nyanja

Kuno kwa Mwambo, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, mwana wamkazi akafuna kulowa m'banja nkhani imafikira kwa mwinimbumba. Choncho mnyamata wina wa ku Kachulu atafunsira mwana wa mlongo wanga, zonse zinagwera ine atsibweni ake. Zimene ndinaphunzira pa ntchitoyo ndikufuna anzanga azidziwe asanayambe kusonkhetsa ndalama.

Tsiku la ukwati limasankhidwa poyang'ana munda ndi nyanja. M'dzinja makoka amakhala oletsedwa, m'nkhokwe mulibe kanthu, ndipo msewu wochokera ku Zomba umasanduka matope. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangayerekeze kuitana alendo nyengo imeneyo. Ife tinadikira mpunga wa ku Likangala ulowe m'matumba, n'kuika mwambo mu Ogasiti, pamene galimoto ndi akabaza amafika pakhomo.

Pa ndalama, nyanja yomweyi inatiphunzitsa kalekale. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018 mabwato anakhala pamatope ouma. Msodzi wa kuno sawerengera matemba amene akadali m'madzi, ndipo perekaniperekani ndi chimodzimodzi: sudziwa kuti m'lichero mugwa zingati. Ndaonapo mabanja akutenga katapila kuti abwereke zimkuzamawu, magalimoto ndi holo, poganiza kuti akabweza ndi zofupa. Sabata isanathe, angongole ali pakhomo pa akwati. M'komiti yathu tinapangana kuti chilichonse chilipiridwe tsikulo lisanafike. Mpunga unachokera kwa achibale, azimayi anafulula thobwa ndi chimera chawo, anyamata anatema nkhuni. Zosawonongeka monga mafuta ophikira, shuga ndi nsalu tinkagula ndalama ikangopezeka, pokumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo n'kukwera m'magolosale monse.

Koma chimene chinandidyera nthawi yambiri, ndipo sindidandaula nacho, ndi unkhoswe. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti. Mkamwini amalandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi lichero ndi mthiko. Anthu amaululutira, koma ntchito yeniyeni imachitika kuseri, ankhoswe a mbali ziwiri atakhala pamphasa. Kumeneko tinafunsa mafunso amene ambiri amachita nawo manyazi. Kodi onse awiri akwana zaka 18, monga likunenera lamulo la maukwati la 2015 komanso malamulo aakulu a dziko amene anakonzedwa mu 2017? Kodi akayezetsa magazi limodzi? Adzakhala pachikamwini, monga mwa mwambo wa Anyanja, Ayao ndi Alhomwe a kuno, kapena mkazi adzapita kuchitengwa? Munda adzalima wa yani?

Panalinso funso la kunyanja kuno. Msodzi amatha milungu ali pa zimbowera, tinyumba toyandama tija ta m'mabango, kapena kutsidya ku chilumba cha Chisi. Nanga kunyumba adzadya chiyani? Mkamwini analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti akagulitsa nsomba azitumiza ndalama pa foni, ndipo awiriwo anagwirizana kuti mkazi alowe banki m'khonde ndi kulima dimba, kuti chaka chimene nyanja idzakane asadzagone ndi njala.

Posankha nkhoswe musayang'ane suti kapena kutchuka. Funani munthu wosunga chinsinsi, wosapsa mtima msanga, wokhala pafupi moti mwana akagogoda usiku adzatsegula. Nkhoswe ya ku Johannesburg ingatumize ndalama za keke, koma siingathetse mkangano wa m'bandakucha.

Kwa amene mukukonza ukwati chaka chino, kaya wa ku tchalitchi kaya wa ku mzikiti, langizo langa ndi ili: phikani zimene muli nazo, ndipo nthawi imene mukanathera pokangana za mtundu wa madiresi muipereke kwa ankhoswe. Ana anu alowe m'nyumba opanda ngongole, akudziwa khomo loti akagogode zinthu zikavuta.