Kuzimitsa Moto wa M'firiji

Awerengi athu amene adakulira kumidzi magetsi asanafike akuikumbukira bwino firiji ya palafini imene inkaima pakona m'golosale, kapena m'kachipinda ka mankhwala pachipatala cha mishoni. Kunsi kwake kunkakhala kathanki ka palafini ndi chingwe chonga cha nyale, ndipo mwini sitolo ankagwada m'mawa uliwonse kuti aone ngati lawi likadali labuluu, pakuti lawi lofiira ndi lautsi linkatanthauza kuti tsiku limenelo anthu amwa zakumwa zofunda. Ana ankafunsa poyera, akulu nkumadabwa chamumtima: kodi zitheka bwanji kuti moto ubale madzi oundana?

Firiji yomweyo, yosiyana pokhapo poti imayaka ndi gasi wa propane m'malo mwa palafini, ndiyo yakhala ikuyenda m'misewu ya ku America, ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa kwa zaka zambiri itamangiriridwa m'makalavani. Kalavani ndi kanyumba ka matayala, kena kokokedwa ndi galimoto, kena kokhala ndi injini yakeyake, momwe muli kama, mbaula ndi mosungira madzi. Ku America makalavani ambiri amapangidwa m'dera la Elkhart ku Indiana, ndipo m'nyengo yozizira anthu zikwizikwi, makamaka opuma pantchito, amakaunjikana nawo ku Quartzsite m'chipululu cha Arizona, kumene ambiri amaimika pamalo opanda nthambo za magetsi zoti munthu nkulumikizako. Kwa munthu amene wagona kutali chotere ndi sitolo, firiji si yodzionetsera ayi. M'menemo ndimo muli ndiwo za sabata yonse ndi mkaka wa mwana, ndipo kwa wodwala matenda a shuga ndimo muli mankhwala a insulin, amene amaonongeka akatenthedwa.

Tsono masiku ano eni makalavani ambiri akuzula mafiriji a gasi aja naikamo a kompuresa, oyendera batire la mavoti 12. Kuti tione ngati akuchita mwanzeru, tiyenera kuyamba tayankha funso la ana lija.

Nzeru yoziziritsa zinthu ndi moto idachokera kwa Mfalansa wina, Ferdinand Carré, cha m'ma 1850, koma amene adaichepetsa kuti ikwane m'nyumba ndi anyamata awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters. Iwowa adakonza makina awo mu 1922 akadali pasukulu ya ukachenjede ku Stockholm, ndipo mu 1925 kampani ya Electrolux idagula ntchitoyo niyamba kugulitsa mafirijiwo padziko lonse. Dzina la Dometic, limene lili pa mafiriji ambiri a m'makalavani, lidachokera m'nyumba yomweyo ya Electrolux, nilidzaima palokha mu 2001.

Kumbuyo kwa firiji yotere kuli machubu achitsulo otsekedwa kotheratu, momwe muli madzi, amoniya ndi mpweya wa hydrogen. Lawi limawiritsa madzi osakanizika ndi amoniya. Amoniyayo amathawa ngati nthunzi nakwera pamwamba, kumene amazizidwa ndi mphepo ya kunja nasanduka madzimadzi. Potsika amakumana ndi hydrogen uja nasandukanso nthunzi, ndipo posanduka nthunzi amayamwa kutentha kwa m'kati mwa firiji, monga momwe madzi a mumtsuko wadothi amazizirira chifukwa cha chinyezi chouma kunja kwa mtsukowo. Pambuyo pake madzi amammezanso amoniya nabwerera naye ku moto, ulendo nkuyambiranso. M'makina onsewa mulibe kanthu kozungulira ngakhale kamodzi. Moto umakweza, kulemera kumatsitsa, basi. Nchifukwa chake firiji ya gasi ilibe phokoso, ndipo ikasamalidwa imatha zaka makumi awiri osaona mmisiri. Gasi imadya pang'ono zedi, kotero kuti silinda ya makilogalamu 9 ikhoza kuyendetsa firiji yaing'ono pafupifupi mwezi wathunthu. Kunena zoona, pa makina onse amene anthu adapanga m'zaka zana zapitazi, ndi ochepa amene ali ofatsa ndi odzichepetsa ngati amenewa.

Komatu kufatsa kwakeko kuli ndi malamulo, ndipo lamulo loyamba ndi lakuti iime chilili. Popeza kuti madzi a m'machubu amayenda okha motsata kutsetsereka kwa machubuwo, kalavani ikaimikidwa pamalo opendekeka, madziwo amadikha pamalo amodzi osabwerera ku moto. Opanga ena amaika malire a madigiri 3 cham'mbali ndi madigiri 6 chakutsogolo kapena chakumbuyo. Pamsewu palibe vuto, pakuti kugwedezeka kwa galimoto kumayendetsa madziwo. Tsoka limabwera munthu akaimika pachitunda nkupita kukadya, firiji ili chiyakire. Pamene pali moto pamauma nkutentha mopitirira, ndipo mankhwala oletsa dzimbiri a sodium chromate, amene ali m'madziwo, amaundana ngati mchere natseka chubu. Kuonongeka kumeneku sikubwerera. Kumaunjikana pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo, mpaka tsiku lina mwini wake apeza ufa wachikasu kumbuyo kwa firiji ndi fungo loswa mphuno la amoniya, ndiye kuti makinawo atha.

Lamulo lachiwiri ndi la nyengo. Firiji ya gasi imangotha kutsitsa kutentha ndi muyeso wakutiwakuti poyerekeza ndi mphepo ya kunja, motero dzuwa likaswa mtengo, pamene munthu akuifunitsitsa, mpamene iyo imafooka. Mafiriji amalembedwa zizindikiro za nyengo: la N limagwira bwino kufikira madigiri 32, la ST kufikira 38, ndipo la T kufikira 43. Apaulendo a ku Australia amaliyang'anitsitsa lemba limeneli pogula. Imachedwanso kuzizira, kotero kuti wofuna kunyamuka Loweruka m'mawa ayenera kuiyatsa Lachisanu madzulo.

Chachitatu ndi moto weniweniwo. Lawi loyaka usana ndi usiku kuseri kwa khoma lamatabwa, pafupi ndi machubu odzala hydrogen, si chinthu chochitira chibwana. Mu 2006 kampani ya Dometic idaitanitsa mafiriji ake ochuluka ku America kuti akakonzedwe chifukwa chubu chowiritsira chinkatha kung'aluka nkuyambitsa moto, ndipo ya Norcold idachitanso chimodzimodzi mu 2010. Kangaude akamanga m'choyatsira, kapena mwaye ukatseka chumuni, lawi limatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo ngati wapeza polowera m'chipinda. Pothira mafuta pa filing'i siteshoni lawilo liyenera kuzimitsidwa, ndipo pokwera sitima za pamadzi zonyamula magalimoto gasi yense amatsekedwa.

Firiji ya kompuresa ilibe mavuto onsewa. Imagwira ntchito ngati firiji ya magetsi ya m'nyumba za m'tauni: kamota kakang'ono kamapanikiza mpweya woziziritsa nkuuyendetsa m'machubu mwamphamvu, osadikira kuti utsetsereke wokha. Yambiri imapirira kupendekeka kufikira madigiri 30, imazizira m'ola limodzi kapena awiri, ndipo imaumitsa nyama gwa ngakhale m'chipululu cha Kalahari. Makompuresa odziwika a mtundu wa BD35F adachokera ku kampani ya Danfoss ya ku Denmark, ndipo nthambi yopanga makompuresayo idatenga dzina la Secop mu 2010. Aliponso mafiriji a Engel, opangidwa ndi kampani ya Sawafuji ya ku Japan, ndi a National Luna a ku South Africa. Ubwino wina ndi wakuti popanda machubu aakulu a kumbuyo aja, firiji yatsopano yokwana pamalo omwewo imakhala ndi malo ochuluka m'kati.

Pofika apa wowerenga anganene kuti mlandu watha. Ayi, apa mpamene wayambira, pakuti akuluakulu adati walira mvula walira matope. Munthu akazula firiji ya gasi sanangosintha firiji. Wasintha nkhokwe imene chakudya chake chikudalira. Kale nkhokweyo idali silinda ya gasi, yodzaza kamodzi pamwezi. Tsopano ndi batire, limene liyenera kudzazidwa tsiku ndi tsiku.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphamvu ya batire imayezedwa m'ma amp-hour, olembedwa mwachidule Ah: batire la 100 Ah likhoza kupereka ampu imodzi kwa maola 100, kapena maampu 10 kwa maola 10. Tiyerekeze firiji imene imakoka maampu 4 ikamalira, ndipo m'nyengo yotentha imalira theka la nthawi, ndiko kuti maola 12 patsiku. Pamenepo yadya 48 Ah. Tsono batire lamtovu, la mtundu umene makalavani akale adabwera nawo, silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Choncho pa 100 Ah zolembedwa pachikopa chake, zodyeka ndi 50 zokha. Ndiye kuti firiji yokha yamaliza batire m'tsiku limodzi, tisanayatse nyale, tisanapope madzi, tisanatchaje foni. Ambiri amene amadandaula kuti firiji yatsopano yawagwiritsa fuwa la moto ndi amene adalumpha masamu amenewa.

Pano tipatuke pang'ono, poti ena amafunsa kuti, nanga si mafiriji ambiri a gasi ali kale ndi batani la mavoti 12? Alidi nalo, koma kumeneko magetsi amangolowa m'malo mwa lawi potenthetsa kachitsulo, ndipo amakoka maampu 10 kapena kuposerapo mosapumira. Batani limenelo ndi la pamsewu, injini ikulira. Woliiwala atafika pogona adzapeza batire litatheratu kusanache.

Chimene chachititsa kuti kusinthaku kutheke m'zaka zaposachedwa si firiji kwenikweni, pakuti makompuresa a mavoti 12 adalipo kalekale m'maboti ndi m'malole. Ndi kutsika mtengo kwa mapanelo a sola ndi mabatire a lithium iron phosphate, mtundu umene gulu la John Goodenough lidaufotokoza ku University of Texas cha m'ma 1996 ndi 1997. Batire lotere la 100 Ah limalola kudyedwa 80 Ah kapena kuposa, limapepuka pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi lamtovu, ndipo limadzazidwa kambirimbiri lisanafooke. Chofooka chake nchakuti silifuna kutchajidwa kukazizira kufika poundana madzi, ndipo kawirikawiri limafuna tchaja yakeyake. Panelo ya mawati 200, padzuwa labwino la maola asanu, ikhoza kubweza mphamvu yongokwanira firiji ya m'chitsanzo chathu chija, tikachotsa zotayika m'njira. Koma kukachita mitambo masiku atatu, munda wa padenga uja sukolola kanthu. Pali ndi chinanso choseketsa: wapaulendo amafuna kuimika pansi pa mtengo kuti agone pozizira, pamene panelo ikufuna dzuwa la pamtetete. Ambiri amagula panelo yachiwiri yonyamula pamanja, ya nthambo yaitali, nkumaisuntha tsiku lonse ngati akuyanika mphale.

Kuti batire ndilo msomali wa nkhani yonse, a zaumoyo adakuona kale. Zipatala za kumidzi m'maiko ambiri a mu Africa zidasunga katemera m'mafiriji a palafini ndi a gasi kwa zaka zambiri. Atabwera a sola oyendera batire, zidapezeka kuti chofa msanga ndi batirelo, firiji ikadali yabwinobwino. Kuyambira cha m'ma 2010 bungwe la World Health Organization lidayamba kuvomereza mafiriji a sola opanda batire, amene masana amaumitsa madzi m'makoma mwake, madzi oundanawo nkusunga kuzizira usiku wonse ndi masiku a mitambo.

Maganizo athu ndi awa. Amene amayenda tsiku ndi tsiku, injini nkumadzaza batire m'njira, kapena amene amakonda maiko otentha, adzuwa ndi misewu ya mabampu, asinthe ndithu, ndipo sadzacheukanso. Koma amene amakamanga msasa m'nkhalango yamthunzi kwa masabata awiri osasuntha, firiji yake ya gasi ikadali yamoyo, palibe chomuthamangitsa. Iyeyo angogula kachipangizo koyezera ngati kalavani yaima mowongoka, kena kochenjeza za carbon monoxide, ndipo azitsuka choyatsira chaka ndi chaka. Woganiza zosintha awerengere mtengo wa batire, panelo, tchaja ndi nthambo pamodzi, pakuti nthawi zambiri zimenezi zimaposa mtengo wa firijiyo.

Ntchito yozula ndi kuika siivuta kwambiri, koma ili ndi misampha yake. Choyamba kuyeza si malo a firiji, koma chitseko cha kalavani, pakuti ena adagula firiji yabwino nkudzazindikira kuti ilowa pokhapokha atachotsa zenera. Chubu cha gasi chitsekedwe ndi chotsekera chake chenicheni nkuyesedwa ngati sichikudontha. Ku Australia lamulo limafuna kuti ntchito imeneyi igwiridwe ndi mmisiri wa gasi wokhala ndi chiphaso. Nthambo zakale, zimene zinkangoyatsa kagetsi ndi choyatsira moto, kawirikawiri zimakhala zowonda. Nthambo yowonda ndi yaitali imadya mavoti m'njira, ndipo firiji, poyesa kuti batire latha, imadzizimitsa yokha batire lili lodzaza. Pafunika nthambo yonenepa yochokera ku batire, ndi fyuzi pafupi ndi batirelo. Zibowo za mphepo za pakhoma ndi padenga, zimene zinkatulutsa kutentha kwa lawi, zisatsekedwe mwachisawawa, chifukwa kompuresa nayo imafuna kupuma. Buku la opanga ndilo linene ngati ipumire kunja kapena m'chipinda.

Firiji yakale isadulidwe ndi sowo pofuna zitsulo, pakuti amoniya ndi hydrogen zili m'menemo mopanikizika, ndipo ufa wachikasu uja ndi poizoni. Ipite kwa amene amadziwa kutaya zotere. Ndipo usiku woyamba mwini kalavani ayembekezere mlendo amene sadamzolowere. Kama wa m'kalavani sakhala kutali ndi khitchini, ndipo kompuresa, ngakhale yabwino chotani, imang'ung'udza ikamayamba ndi kugwedeza pang'ono kabati imene yakhalamo. Timphira toika pansi pa miyendo yake timachepetsako phokosolo, ndipo mafiriji ena ali ndi batani la usiku limene limayendetsa kamota pang'onopang'ono kufikira kutacha.