Kodi Mumadziwa? Chandamale cha Theka la Milimita

Pa masewera a Olimpiki pali mpikisano wowombera ndi mfuti ya mpweya, ndipo wowombera amaima pa mtunda wa mamita 10 kuchokera pa chandamale. Pakati penipeni pa chandamalecho pali kadontho ka theka la milimita, kofanana ndi kadontho kamene kali kumapeto kwa chiganizo chino.

- Mpikisanowu unalowa mu Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles.
- Kachipolopolo kake ndi ka mamilimita 4.5, ndipo mfuti isapitirire makilogalamu 5.5.
- Mu gawo loyamba, aliyense amawombera ka 60 ali chiimire, m'mphindi 75. Akalasa pakati penipeni amapeza mapointi 10.9.
- Abhinav Bindra anapambana mpikisanowu ku Beijing mu 2008, n'kukhala Mmwenye woyamba kupata mendulo ya golide ya Olimpiki payekha.

Aphunzitsi a masewerawa amayamba ndi chitetezo: mfuti uziiona ngati ili ndi chipolopolo nthawi zonse, usailozetse kwa munthu, ndipo chala chisakhudze kachitsulo kowombera usanakonzeke. Kenako wophunzira amaphunzira kaimidwe, kuti mafupa ndiwo anyamule mfuti, chifukwa minofu ikatopa imanjenjemera. Amaphunziranso kutulutsa mpweya pang'ono, kuugwira kwa kanthawi, n'kukoka kachitsulo mwapang'onopang'ono. Ambiri amayeserera kwa nthawi yaitali mfuti ilibe chipolopolo, kuti dzanja lizolowere kudekha. Pa mtunda umenewu, ngakhale kugunda kwa mtima kumagwedeza mfuti.