Siliva wosayenda m'manja ndiye wodula

Ambiri amaganiza kuti ndalama yakale imakwera mtengo chifukwa cha zaka zake basi. Mbiri ya dola ya Morgan ya ku America, yomwe inkasulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904 kenaka mu 1921, imatsutsa maganizo amenewa. Dola iliyonse imalemera magalamu 26.73, ndipo magawo 90 pa 100 ndi siliva, otsalawo mkuwa. Chitsulo n'chimodzi, koma mitengo imatalikirana ngati kumwamba ndi pansi. Mu 1884 fakitale ya boma ya ku San Francisco idasula madola 3,200,000, ndipo ambiri adalowa m'matumba a anthu n'kumagulidwira zinthu. Lero dola ya chakachi yoperepeseka siivuta kupeza, mtengo wake ndi madola makumi angapo, pamene inzake yomwe sidagwidwepo m'manja imafika madola zikwi makumimakumi. Ya 1881 ya fakitale yomweyo, ngakhale ili yakale kuposa iyi, imapezeka yonyezimira pamtengo wotsika, poti matumba ake ambiri adangogona m'nkhokwe za boma. Chimene ogula amalimbirana si chaka ayi, koma kuchepa kwa ndalama zomwe zidapulumuka zili bwinobwino.

Katswiri akatenga dola yotere amaigwira m'mbali, osakhudza nkhope yake, n'kuipendeketsa pansi pa nyali. Ndalama yosayendapo imazunguza kuwala ngati masipoko a njinga. Amayang'ana tsitsi la pamwamba pa khutu la mayi wojambulidwapoyo, kenaka nthenga za pachifuwa cha chiombankhanga kuseri kwake, chifukwa malo okwerawa ndiwo amayamba kusalala. Patsaya amafufuzapo zipsera, pakuti madolawa ankasungidwa 1,000 m'thumba limodzi, ndipo thumba likaponyedwa pansi ankalumana okhaokha. Akatero amapereka nambala pa sikelo yoyambira 1 kulekeza 70, imene William Sheldon adaiyambitsa mu 1949. Kuyambira 60 ndiye kuti ndalamayo sidayendepo pamsika, ndipo pamenepo sitepe imodzi yokha ikhoza kuchulukitsa mtengo kangapo.

Wina anena kuti zimenezi n'zongopeka za amalonda, siliva ndi siliva. Mfundoyi ili ndi pogwira, chifukwa maso a anthu amasiyana. Makampani oyesa ndalama a PCGS ndi NGC, omwe adayamba mu 1986 ndi 1987, amatsekera ndalama m'kapulasitiki kolembedwa nambala yake, komabe zimachitika kuti ndalama yomweyo ikatumizidwanso imabwera ndi nambala ina. Koma mkangano umakhala pakati pa 64 ndi 65, osati pakati pa dola yosalala ndi dola yonyezimira. Kusiyana kumeneko ngakhale mwana amakuona. Ndipo kuperepeseka n'kwa njira imodzi. Siliva mukhoza kumusungunula n'kumuumbanso, koma nthenga yofufutika siimeranso, choncho chiwerengero cha ndalama zangwiro chimayenera kumangotsika.

Chotsutsa champhamvu n'chakuti chiwerengerocho nthawi zina chimakwera mwadzidzidzi. Lamulo la Pittman la 1918 lidachititsa kuti madola asiliva oposa 270 miliyoni asungunulidwe, ndipo anthu adakhulupirira kuti dola ya 1903 ya ku New Orleans idathera m'ng'anjomo. Yosayendapo inkagulidwa pafupifupi madola 1,500. Kumapeto kwa 1962 boma lidatsegula nkhokwe, matumba a dola yomweyo adatuluka ali phuliphuli, ndipo mtengo udagwa mpaka pansi pa madola 50. Amene adaikapo chuma chawo adagwira njakata. Nkhaniyi ndi chenjezo kwa aliyense woyesa ndalama zakale ngati banki, koma mfundo ija siigwetsa, imangoitsimikiza: dolayo idali yomweyo, chaka chake chomwecho, chidasintha ndi kuchuluka kwa zinzake zangwiro.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza pang'ono. Ndalama za ku Britain zinkayenda ku Nyasaland, ndipo m'mabokosi a agogo mukhoza kupezeka sheleni. Yosulidwa chisanafike 1920 ili ndi siliva magawo 92.5 pa 100, ya 1920 mpaka 1946 theka lokha, pamene ya 1947 kupita m'tsogolo ilibiretu. Zambiri mwa izi zidayenda kwambiri, choncho musayembekezere kulemera nazo. Cholakwa chachikulu n'kuitenga sheleniyo n'kuikwecha ndi phulusa kapena mchenga ngati poto kuti iwale. Kuda kwa siliva wakale ogula sadandaula nako, ena amachita kukukonda, koma timizere ta kukwecha amationa msanga ndipo mtengo amaudula pomwepo. Mukaipeza, igwireni m'mbali, muikulunge payokha m'kapepala kouma, musaitsuke.